Mafunso Anu: Chinalepheretsa Matilda Kulowa Ufumu wa England n'Chiyani?

Funso: Akonzi, ndawerenga kuti Henry I, mfumu ya ku England, anasankha mwana wake wamkazi Matilda kuti adzalowe ufumu, ndipo akuluakulu onse analumbira kuti adzamumvera. Nanga zinatheka bwanji kuti pampando pakhale msuweni wake Stephen? Kodi panali lamulo loletsa mkazi kulamulira?

Yankho: Lamulo loletsa mkazi panalibe. Ngakhale lamulo lakuti mwana woyamba ndiye mwini mpando linali lisanakhazikike. Henry I mwiniwakeyo analowa ufumu mu 1100 mkulu wake Robert ali moyo. Mkulu wake wina, mfumu William II, atafa pa 2 Ogasiti, Henry anathamangira ku Winchester kukagwira chuma cha ufumu, ndipo pofika pa 5 Ogasiti anali atadzozedwa kale. Umo ndi mmene zinkayendera. Wofuna mpando ankayenera kukhala wa magazi achifumu, agwire mosungira chuma ku Winchester, anthu a mu London amulandire, kenako bishopu wamkulu amudzoze mafuta. Kudzozako ndiko kunkamanga mfundo, chifukwa wodzozedwa ankatengedwa kuti waikidwa ndi Mulungu, ndipo kumuchotsa inali nkhani ina.

Matilda anabadwa mu 1102. Ali ndi zaka 8 anamutumiza ku Germany, kumene anakwatiwa ndi mfumu yaikulu Henry V mu 1114, n'kukhala wamasiye mu 1125 wopanda mwana. Amene ankayembekezeka kulowa ufumu anali mlongo wake William, koma iyeyu anamira pa 25 Novembala 1120, chombo chotchedwa White Ship chitagunda mwala pafupi ndi Barfleur. Anthu pafupifupi 300 anafera pomwepo. Henry I anali ndi ana apathengo oposa 20, koma wam'banja anatsala Matilda yekha. N'chifukwa chake mu Januwale 1127 analumbiritsa mabishopu ndi akuluakulu, ndipo anabwerezanso mu 1131. Stephen anali m'gulu la oyamba kulumbira.

Koma bambo yemweyo ndiye anamutchera mwana wake ndale. Mu 1128 anamukwatitsa kwa Geoffrey wa ku Anjou, mnyamata wa zaka 14, pamene Matilda anali ndi zaka 26. Anthu a ku Anjou anali adani akalekale a anthu a ku Normandy, dera la ku France limene Henry ankalamuliranso, ndipo akuluakulu ankaopa kuti wolamulira weniweni adzakhala Geoffrey. Chachiwiri, Henry anakana kupereka malinga a ku Normandy kwa awiriwa iye ali moyo, moti Matilda analibe malo ake, asilikali ake, ngakhale gulu lomutsata ku England. Pamene mfumuyo imamwalira pa 1 Disembala 1135, inali pa mkangano ndi mkamwini wake, ndipo Matilda anali kutali, ali woyembekezera.

Stephen anali ku Boulogne, pagombe penipeni. Anawoloka nyanja mwamsanga, a ku London anamulandira, mng'ono wake Henry, bishopu wa Winchester, anamuthandiza kupeza makiyi a chuma, ndipo pa 22 Disembala bishopu wamkulu William de Corbeil anamudzoza. Zonsezi zinatheka m'masabata atatu.

Funso: Stephen anali mwana wa mlongo wake wa mfumu. Kodi chibale chimenechi sichinamupatse ufulu?

Yankho: Chinamupatsa magazi achifumu basi. Mayi ake, Adela, anali mwana wa William amene anagonjetsa England mu 1066. Koma tikatsata chibale chokha, Stephen anali ndi mkulu wake Theobald, amene akuluakulu a ku Normandy anali atatsala pang'ono kumusankha asanamve kuti Stephen wavala kale chisoti.

Funso: Nanga lumbiro lija analithawa bwanji, pomwe anthu a nthawi imeneyo ankaopa kulumbira monama?

Yankho: Bishopu wamkulu uja anazengereza pa chifukwa chomwechi. Chinamumasula ndi umboni wa Hugh Bigod, amene analumbira kuti mfumu itatsala pang'ono kumwalira inasintha maganizo n'kusankha Stephen. Umboniwu ambiri amaukayikira. Ena ankati analumbira mokakamizidwa. Roger, bishopu wa Salisbury, ankati lumbiro linatha mphamvu chifukwa Matilda anakwatitsidwa kunja iwo osafunsidwa. Nkhani itafika kwa Papa Innocent II mu 1139, a mbali ya Stephen anatulutsa mfundo yonyansa: ankati mayi a Matilda anali sisitere, choncho ukwati wawo sunali wovomerezeka. Zoona n'zakuti mayiyo anakulira m'nyumba ya masisitere ndipo anavalapo nsalu yawo yakumutu, koma mu 1100 bishopu wamkulu Anselm anafufuza n'kugamula kuti sanachite malumbiro a usisitere. Papa sanasinthe zimene anali atavomereza kale zakuti Stephen ndiye mfumu. Onani kuti pa zifukwa zonsezi, chimene anatsamirapo si chakuti Matilda ndi mkazi.

Funso: Akuti mu 1141 anali atapambana. Chinalakwika n'chiyani?

Yankho: Matilda anafika ku Arundel mu 1139, mothandizidwa ndi mlongo wake wa mayi wina, Robert wa ku Gloucester, amene ankamutsogolera nkhondo. Pa 2 Febuluwale 1141 Stephen anagwidwa pa nkhondo ya ku Lincoln n'kutsekeredwa ku Bristol. Mu Epulo, msonkhano wa atsogoleri a mpingo ku Winchester unalengeza Matilda kukhala Dona wa Angerezi. Chinatsala ndi kudzozedwa ku Westminster.

Apa ndi pamene anaphonya. Anthu a mu London anapempha kuti awachepetsere msonkho, iye anawalamula kupereka ndalama zambiri. Anakananso pempho lakuti Eustace, mwana wa Stephen, asiyiridwe malo a bambo ake, ndipo zimenezi zinakhumudwitsa bishopu wa Winchester, amene anali atangobwera kumene kumbali yake. Pa 24 Juni mabelu a m'matchalitchi analira, khamu la anthu linakhamukira ku Westminster, ndipo Matilda anathawira ku Oxford, chakudya chili patebulo. Mu Seputembala asilikali a mkazi wa Stephen, amenenso dzina lake linali Matilda, anamugonjetsa ku Winchester n'kugwira Robert. Popanda Robert nkhondo sikanatheka, choncho mu Novembala anamusinthanitsa ndi Stephen.

Olemba a nthawiyo amati Matilda anali wodzikuza. Ife tikuona kuti pamenepa pali kukondera, pakuti khalidwe lomwelo kwa bambo ake ankalitcha mphamvu. Komabe kukakamiza msonkho usanadzozedwe, m'mzinda umene unali kale kumbali ya mdani wako, kunali kulakwitsa kwenikweni. Panalinso vuto limene sakanalithetsa: mkazi sankatsogolera yekha asilikali pankhondo, ndiye moyo wa ufumu wake unali m'manja mwa munthu mmodzi, Robert.

Funso: Kodi n'zoona kuti anathawa atavala zoyera?

Yankho: N'zoona. Mu Disembala 1142, atazingidwa m'linga la Oxford pafupifupi miyezi itatu chakudya chitatha, anatuluka usiku ndi asilikali ochepa. Anavala zoyera kuti asaoneke m'chipale chofewa, anawoloka mtsinje wa Thames madzi ataundana, anayenda wapansi mpaka ku Abingdon, kenako pa kavalo kukafika ku Wallingford.

Funso: Ndiye timuwerengere pa mafumu a England kapena ayi?

Yankho: Pa mndandanda wa odzozedwa palibe, ngakhale kuti kumadzulo kwa dzikolo ankalamulira ndipo ndalama zachitsulo zinasulidwa m'dzina lake ku Bristol ndi ku Cardiff. Robert atamwalira mu 1147, Matilda anabwerera ku Normandy mu 1148, dziko limene mwamuna wake anali atalilanda pofika mu 1144, ndipo nkhondo anaisiya m'manja mwa mwana wake Henry. Eustace atafa mu 1153, panachitika pangano lakuti Stephen akhalebe mfumu mpaka imfa, koma wolowa m'malo akhale Henry. Stephen anamwalira mu Okutobala 1154, ndipo Henry II anadzozedwa pa 19 Disembala chaka chomwecho. Matilda anakhala ku Rouen, akulangiza mwana wake ndi kumuyendetsera za ku Normandy iye akachokapo, mpaka anamwalira pa 10 Seputembala 1167. Mkazi woyamba kudzozedwa kuti alamulire England mwa iye yekha anali Mary I, mu 1553.