Tifunseni: masewero akale a pa wailesi a ofufuza milandu ya kupha

Mwezi uno makalata atatu afika kuchokera ku chigwa cha Shire ndipo onse akuzungulira nkhani imodzi, ndiye ndangowayika pamodzi.

Mnyamata wina wa ku Nchalo walemba kuti: “Agogo anga anagwirapo ntchito ku Joni kalekale, amakonda kukamba za sewero la apolisi limene ankamvera pa wailesi kumeneko. Ine ndapeza ena pa foni koma ndi a ku America. Zinayamba liti izi, nanga anthu ankasangalala nazo bwanji popanda chithunzi?”

Achimwene, agogowo muwafunse ngati dzina loti Springbok Radio akulikumbuka. Inali wailesi ya ku South Africa, inatsegulidwa mu 1950 nkudzatsekedwa kumapeto kwa 1985, ndipo inali ndi sewero la apolisi lotchuka kwambiri lotchedwa Squad Cars. Mukaona nkhope yawo yawala ndiye kuti ndi lomwelo. Koma kumene masewero amtunduwu anakulira zenizeni ndi ku America, kuyambira cha m'ma 1930 kufika m'ma 1950, nthawi imene TV inali isanalowe m'nyumba zambiri ndipo banja lonse madzulo linkazungulira wailesi ngati mmene ife tinkachitira ndi ka wailesi ka Nzeru pa mkeka kudikira Sewero la Sabata Ino pa MBC. Kunali The Shadow, limene wosewera wotchuka Orson Welles analankhulamo ngati mwini sewero mu 1937 ndi 1938. Kunali Dragnet loyamba mu 1949, la Jack Webb, lomwe nkhani zake ankazitenga m'mafayilo enieni a polisi ya ku Los Angeles nkungosintha mayina. Kunalinso Yours Truly, Johnny Dollar, ili ndiye limandisangalatsa chifukwa mkuluyo sanali wapolisi ayi, anali wofufuza wa makampani a inshuwalansi, munthu akafa mokayikitsa kapena nyumba ikapsa wina nkumafuna ndalama, ankatumidwa ndi iyeyo, ndipo nkhani yonse ankaifotokoza ngati akuwerengera abwana ake ndalama zimene wagwiritsa ntchito pa ulendo, ya takisi yakuti, ya hotela yakuti, ya chakudya yakuti, kwinaku mtembo ndi mabodza zikutulukira pakati pa maresitiwo. Seweroli ndi lina lotchedwa Suspense onse anatha tsiku limodzi, pa 30 September 1962, ndipo anthu ambiri amawerenga tsikuli ngati mathero a nyengo imeneyo. TV inali itatenga omvera ndi otsatsa malonda omwe.

Tsono za chithunzizo. Ine ndimaona kuti nkhani ya chinyengo imakoma kwambiri pa khutu kuposa pa maso. Pa filimu wakupha umatha kumuganizira pomuona nkhope, koma pa wailesi uli ndi mawu okha basi, mkazi wamasiye akulira mosisima ndipo iwe uyenera kuweruza wekha ngati kuliraku ndi kwa chisoni kapena ndi iyeyo anathira tameki mu tiyi. Wina wachedwa pang'ono kuyankha funso, wina wanena kuti anali kunyumba 9 koloko pamene poyamba paja anati anali ku bala, iwe uli pa mphasa wayamba kale kugwira ntchito ya CID. Sizikusiyana ndi bwalo la amfumu pansi pa mtondo, anthu amagwira wabodza pomvetsera mmene mawu ake akupotokera. Ndipo chipinda chamdimacho, mpeniwo, masitepewo, umazimanga wekha m'mutu, nchifukwa chake zimaopsa kuposa zoonera.

Mayi wina wa ku Ngabu akuti: “Kutentha kwa kuno mukukudziwa, usiku timagona pa khonde. Bambo a kunyumba amatsegula masewero amenewa pa sipika ana ali pomwepo, wamkulu ali Fomu 2 Chingerezi akumva. Kodi sakuphunzira kupha ndi kunama?”

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo sindikuuzani kuti zonse zili bwino. Chimene ndinganene nchakuti masewerowa ankaulutsidwa pa nthawi imene ana ali maso, ndipo makampani olipira mapologalamu, ena ogulitsa malasha, ena mafuta odzola m'mutu, ena vinyo, sankafuna kukwiyitsa makolo, ndiye mawu otukwana mulibe, magazi safotokozedwa mwatsatanetsatane, ndipo nthawi zambiri wolakwa amagwidwa. Dragnet ikamatha ankalengeza ndithu chigamulo cha khoti, kuti munthu uja anapatsidwa zaka zingati. The Whistler, limene linayenda kuyambira 1942 mpaka 1955, linkachita mwina, wakuphayo umamudziwa kuyambira pachiyambi, umayenda naye pamene akukonza bodza lake bwinobwino, kenako kakanthu kakang'ono kamene anaiwala nkumugwetsa kumapeto. Mwana womvera zimenezi chimene akuona ndi mmene bodza limalemerera, umanama limodzi nkufunika ena asanu olitchinjiriza.

Koma alipo ena oti ine mwana wa pulayimale sindingamusiye amvere usiku. Lotchuka kwambiri pa Suspense ndi Sorry, Wrong Number la 1943, lolembedwa ndi Lucille Fletcher, woseweramo anali Agnes Moorehead. Pepani ndiulula mathero. Mayi wodwala ali chigonere pa bedi yekhayekha m'nyumba, akuyesa kuimbira mwamuna wake ku ofesi, mawaya a telefoni asokonekera nkumva azibambo awiri akupangana zopha mzimayi wina usiku womwewo. Akuimbira a telefoni, akuimbira apolisi, aliyense akungomuyankha mwaulesi ngati wovutitsa, nthawi ikutha, ndipo pang'onopang'ono iye ndi ife tikuzindikira kuti woti aphedweyo ndi iye mwini. Palibe wobwera kudzamupulumutsa. Ine nditalimvera koyamba ndinadzuka kukaona ngati chitseko ndakhoma, ndipo chimene chinandikhala pa mtima si wakuphayo koma anthu onse aja amene anamumva akupempha thandizo nkumutaya. Ndiye langizo langa, auzeni bambo aziyamba amvera okha masana, a apolisi ndi a Johnny Dollar angathe kumvera ndi wa Fomu 2 uja, Chingerezi chakenso chipita patsogolo chifukwa amalankhula momveka bwino, koma oopsawo adikire ana agone kapena agule ma hedifoni. Ndipo mukamvera limodzi muziimitsa kaye lisanathe nkufunsa mwanayo kuti wakupha ndani, wadziwa bwanji.

Lomaliza lachokera kwa aphunzitsi ena a ku Bangula: “Ndili ndi kalabu ya drama, tikufuna kupanga lathu mu Chichewa kapena Chisena nkulijambula pa foni. Zida tilibe. Akalewo phokoso ankalipanga bwanji?”

Aphunzitsi, kalata yanu ndiye yandisangalatsa kwambiri. Zida muli nazo kale. Mu situdiyo munkakhala munthu wa ntchito ya phokoso yekha, ali ndi tebulo lodzaza zinthu wamba, ndipo ambiri mwa masewerowa poyamba ankaulutsidwa pompopompo, osewera ataimirira pa maikolofoni mapepala ali m'manja, ukalakwitsa dziko lonse lamva. Zikamba za kokonati ziwiri pogogoda zinali kavalo, pepala la pulasitiki lopyapyala polifinya unali moto, mpeni pobaya kabichi kapena vwende kunali kubaya munthu, kachitseko kakang'ono kokhala ndi loko weniweni kanali zitseko zonse za m'nkhani, ndipo nsapato ankazigwira m'manja nkumaziyendetsa pa thabwa kapena m'bokosi la miyala. Inu kwanuko masamba ouma a mlaza kapena a nzimbe akupatsani moto komanso munthu wozemba m'munda, beseni la madzi ndi mthiko zimveka ngati nkhafi ya bwato pa Shire, belu la njinga ya kabaza liuza womvera kuti tafika pa msika popanda wina kunena, ndipo achule ndi udzudzu mungojambula enieni madzulo.

Chovuta chili pa kalembedwe. Masewero ambiri anali a mphindi 30, ndiye anthu olankhula asachuluke, anayi kapena asanu akwana, ndipo mawu awo asiyane kwambiri, wina wamanzenene, wina wofulumira, wina wosakaniza Chisena, apo ayi womvera asokonezeka kuti akulankhula ndani. Azitchulana mayina pafupipafupi. Chinthu chimene chidzagwiritse wakuphayo muchitchule koyambirira mongodutsa, womvera asachilabadire, kuti kumapeto akachikumbukira adzimenye pa ntchafu. Mwachitsanzo mlonda wa khola la ng'ombe wapezeka atafa m'bango anthu nkumati ndi ng'ona, koma wina pa maliro wanena kuti malemu anali atavala jombo pamene mtembo unavuulidwa wopanda nsapato ndipo jombozo palibe anaziona. Ameneyo anamuona liti? Chonde musatenge mlandu weniweni wa m'mudzi mwanu ngakhale mutasintha mayina, kumudzi anthu amadziwana ndipo pali ofedwa amene bala lawo silinapole.

Musanayambe mverani angapo. Ambiri ali pa Internet Archive, tsamba la pa intaneti losunga zinthu zakale, ndi pa YouTube osalipira, ndipo poti ndi mawu okha sadya bandulo ngati vidiyo, mukhoza kukopera khumi pa memori khadi tsiku limene mwapeza netiweki yabwino. Pojambula lowani m'kalasi Loweruka kulibe ana ena, mupachike mabulangete kapena masaka m'makoma kuti mawu asabwerere, foni ikhale pa tebulo pakati, ndipo wa phokoso uja akhale pafupi nayo kuposa osewera. Likatha mutitumizire timvere.