Bezi yotchipa kapena yodula?

Funso: Ndimaimba gitala ya bezi m'kwaya ya mpingo wathu ku Ndirande. Tasonkha ndalama zogulira gitala, koma ena akuti gitala yotchipa sichedwa kuwonongeka. Kodi tidikire mpaka tidzakwanitse yodula ya kampani ya Fender? Mnyamata wa ku Ndirande.

Yankho: Achimwene, musadikire. Squier, yomwe ndi ya kampani ya Fender yomweyo, kapena Yamaha yotsikirako mtengo, imatha kutumikira kwaya zaka zambiri, chifukwa thabwa lake silifulumira kutha. Zimene zimayamba kufooka ndi tizitsulo: pobayira chingwe pamagwedera, zopotera nsambo zimataya mphamvu, ndipo zokwezera mawu zimayamba kukhwekhwereza. Pa gitala yodula zinthuzi n'zolimba ndipo mafureti (tizitsulo topingasa pakhosi la gitala) amasalazidwa bwino, koma pa yotchipa mmisiri angathe kuzisintha chimodzichimodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kasungidwe. Kutentha kwa Okutobala kukatsatana ndi chinyezi cha dzinja kuno ku Blantyre, khosi la gitala limapindika, nsambo n'kutalikirana ndi mafureti mpaka zala kumapweteka, ndipo Fender nayonso sipulumuka. Mkati mwa khosilo muli chitsulo chowongolera, truss rod, chimene chiyenera kupotedwa pang'onopang'ono ndi munthu wodziwa. Musasiye gitala itatsamira khoma m'tchalitchi cha malata sabata yonse. Ibwezereni m'chikwama chake. Mukatha kuimba, pukutani nsambo zinayizo ndi kansalu kouma, poti thukuta ndilo limabweretsa dzimbiri.

Ngati mwagula yoyendera batire la mavoti 9, muzizula chingwe mukamaliza, apo ayi batirelo lidzakutherani mapemphero ali mkati.