Mpeni waukulu umathyokera pamapewa

Wina wanditumizira imelo. Akufuna mpeni waukulu wosapinda woyenda nawo kutchire, ndiye akufunsa ngati n'zoona kuti wolimba ndi wa full tang wokha, uja chitsulo chake chimapitirira chotambalala mpaka kumapeto kwa chigwiriro. Achimwene, funso lanuli landitosa pachilonda.

Ndinali ndi mpeni wanga wolemera bwino, wonyezimira, ndipo ndinkaukhulupirira kwambiri. Tsiku lina powaza chikuni ndinauika pamwamba n'kumamenya msana wake ndi chipika. Kachitatu ndinangomva kuti thyo! Chigwiriro chinatsala m'manja, chitsulo chinauluka n'kundicheka pamwendo. Chipsera ndili nacho mpaka lero. Nditaphwanya chigwiriro kuti ndione, mtima unandiwawa. Msuka, chitsulo chija cholowa m'chigwiriro chomwe pa Chingerezi amati tang, sunali thupi limodzi ndi mpeniwo. Kanali kachitsulo konga msomali, kongowotcherera. Amene anapanga mpeniwo si mmisiri, ndi munthu woika miyendo ya anzake pangozi.

Kuyambira apo ndinkangofuna full tang, uja msuka wake ndi wotambalala ngati chigwiriro, matabwa awiri n'kuuphatika uku ndi uku ndi misomali. Koma kenako ndinayamba kufunsa. Kukri, mpeni waukulu wa ku Nepal, amadula nkhuni tsiku ndi tsiku, pomwe ambiri achikale ali ndi msuka wobisika, womatidwa ndi utomoni wotchedwa laha. Leuku, mpeni wa anthu a mtundu wa Sami a kumpoto kwa Ulaya, nayenso msuka wake ndi wobisika. Ka-Bar, mpeni umene asilikali a Marines a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1942, chitsulo chake mainchi 7, msuka wake umadutsa m'timawilo ta chikopa. Nanga lupanga la ku Japan? Limagwidwa ndi kamsomali ka nsungwi, mekugi. Kansungwi basi!

Ndiye ndikunena mosabisa: kukula kwa msuka si nkhani yaikulu. Nkhani ili pamapewa, pomwe chitsulo chimachepa kuti chilowe m'chigwiriro. Mukafuna kung'amba nsalu mumayamba mwaidula pang'ono, ndipo imang'ambikira pomwepo. Chitsulo chimateronso. Mapewa akadulidwa ngodya yakuthwa ya madigiri 90, mphamvu yonse ya kumenya imasonkhana pangodyapo, mng'alu n'kuyamba. Akasulidwa mokhota pang'ono, mphamvu imamwazikana. Wosula wodziwa amasiyanso msuka wofewerapo kuposa kukamwa kwa mpeni, kuti zikavuta upindike m'malo mothyoka.

Full tang nayenso ali ndi zake, anthu sazinena. Madzi amalowa pansi pa matabwa, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Ukadula chinthu cholimba, kunjenjemera konse kumathera m'dzanja, ndipo kukazizira chitsulo chija chimaluma chikhatho. Ena pofuna kupepusa mpeni amaboola msuka mabowo akuluakulu pafupi ndi msomali woyamba, pamalo pomwe pamafunika chitsulo chambiri. Zimenezi zimandinyansa kuposa msuka wopyapyala wosulidwa bwino.

Nanga mugule uti?

Ngati muzimenya mpeni ndi chipika, tengani full tang, chifukwa chitsulo chonse mumachiona ndi maso m'mbali mwa chigwiriro. Mukakonda wobisika, funsani wogulitsa ngati msuka ndi chitsulo chimodzi ndi mpeni, ngati umafika kumapeto kwa chigwiriro, komanso ngati mapewa ake ndi okhota. Akalephera kuyankha, usiyeni. Zipika zikuluzikulu muziwaza ndi nkhwangwa.