Kwa achimwene a MX-5 aja: dengalo silivuta, chenjerani ndi matayala ndi mchere

Achimwene, ndaona funso lanu loti munagula Mazda MX-5 ya 2008 mu Juni, mumakhala ku Huddersfield koma ntchito ndi ya ku Manchester, ndiye mukufunsa ngati kagalimoto ka denga lansaluka kangakupirireni nyengo yozizira kapena mungokaimika mpaka Malichi. Ndaonanso ena akukusekani kuti mudzauma ngati usipa. Asiyeni. Ine ndayendetsa ya mtundu womwewu nyengo zozizira zinayi kuno ku Yorkshire, kumpoto kwa England, ndipo kuzizira kwa m'kati sikunandivutepo. Malo okhalamo ndi ochepa, hita ndi yamphamvu, pakangotha mphindi zochepa mumayamba kuvula jekete. Zimene zinandionetsa zakuda ndi ziwiri: matayala ndi mchere.

Ndiyambe ndi matayala chifukwa apa ndi pamene pali moyo wanu. Galimoto zambiri zimene tinazolowera, za Vitz ndi Corolla zija, zimakoka ndi mawilo akutsogolo, komwenso kuli kulemera kwa injini. MX-5 imakankha ndi akumbuyo, ndipo yonseyo imalemera makilogalamu ongopitirira pang'ono 1,100. Ngati munayendetsapo pikapu yopanda katundu pa msewu wamatope nthawi ya dzinja kwathu, mukudziwa mmene kumbuyo kumavinira mukangoponda moto. Ndi zomwezo, kungoti ayezi sachenjeza. Matope mumawaona, pomwe ayezi wa m'mamawa amangooneka ngati phula lonyowa.

Matayala amene munagula nawo galimotoyo ayenera kuti ndi a nyengo yotentha. Kukazizira kutsika madigiri 7, labala wake amauma gwa ngati mkute, sagwiranso msewu ngakhale mizere yake ikhale yatsopano. Chaka changa choyamba ndinachita makani, ndimvekere ndalama ya matayala ena ndiipeza kuti. Tsiku lina mu Januwale, cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndikuchokera ku shifiti ya usiku, ndinalowa pa raundabauti pang'onopang'ono ndithu, mwina ngati liwiro la kabaza. Potuluka ndinangoponda moto pang'ono, basi kumbuyo kunadutsa kutsogolo. Ndinapezeka ndayang'anizana ndi basi imene imanditsatira, dalaivala wake akundiyang'ana m'maso, manja anga akunjenjemera pa chiwongolero. Sindinagunde kanthu, koma sabata yomweyo ndinakasintha matayala onse anayi.

Onse anayi, osati awiri akumbuyo okha ngati mmene ena angakuuzireni. Mukaika awiri okha, galimoto imanyamuka bwino koma pa kona kutsogolo kumangopita kumene kwafuna. Poyang'ana tayala, funani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kadontho ka sinowo pakati. Chimapezeka pa matayala a nyengo yozizira enieni komanso pa ena oyenda chaka chonse, monga Michelin CrossClimate. Kwa inu amene mulibe malo osungira mawilo anayi apadera, a chaka chonsewo ndi okwanira. Lamulo la kuno silikakamiza matayala a nyengo yozizira, limangoti mizere isachepere mamilimita 1.6, koma ine ikafika pa 3 ndimasintha. Mpweya muzipima pafupipafupi chifukwa umatsika kukazizira. Ndipo kumbukirani kuti mtundu wanuwu sunabwere ndi tayala la sipeya, m'buti muli kabotolo komatira ndi kapampu basi.

Tsono mchere. Uwu ndiye umapha ma MX-5 ambiri kuno, osati ngozi. Usiku kukamazizira, malole a khonsolo aja amamwaza mchere wofiirira m'misewu kuti madzi asaundane, wambiri mwa iwo wokumbidwa ku mgodi wa ku Winsford ku Cheshire. Mcherewo ukasakanikirana ndi madzi umamatirira kunsi kwa galimoto n'kuyamba kudya chitsulo ngati chiswe mu nsichi: kunja penti ali waliwali, m'kati mwatha kale. Malo ake odziwika ndi m'munsi mwa zitseko chakumbuyo, m'mphepete mozungulira mawilo akumbuyo, ndi zitsulo zimene zanyamula mawilo. Yanga yoyamba inagwa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, chifukwa cha dzimbiri pafupi ndi pamene pamangidwa lamba wapampando. Makaniko anangobaya ndi sikuludiraiva, chitsulo n'kuyoyoka ngati chigumu chouma. Ndalama yowotcherera inatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa galimotoyo.

Choncho mchere usanayambe kumwazidwa, pitani pa galaja akaikweze m'mwamba muone kunsi ndi maso anu. Ngati kuli bwino, apopere mafuta oteteza dzimbiri, kuphatikizapo m'mabowo a m'kati mwa zitsulo. Ngati dzimbiri layamba kale, lipalidwe kaye. Kupaka phula lakuda pamwamba pa dzimbiri n'kungobisa chilonda ndi nsanza. Kenako nyengo yonseyi muzitsuka kunsi ndi madzi a paipi, kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse ngati mungathe, makamaka m'kati mwa malo a mawilo mmene mumaunjikana matope.

Za denga ndinene mwachidule chifukwa silovuta ngati mmene anthu amaganizira. Lichapeni, liume, mulipake mankhwala oletsa madzi kulowa. Osalitsegula kapena kulipinda likadali ndi ayezi, ndipo osalipala ndi chopalira galasi. Sinowo muzichotsa ndi burashi yofewa. Osapita nayo ku makina ochapira a maburashi ozungulira aja. Mphira za m'mbali mwa zitseko ndi magalasi muzipake silikoni, apo ayi m'mawa mudzapeza chitseko chamatirira ndipo mukakoka mwamphamvu mphirayo imang'ambika. Mwayi wanu ndi woti ya 2008 ili ndi galasi lenileni kumbuyo, lokhala ndi hita yake. Zakale za 1989 mpaka 1997 zinali ndi pulasitiki imene imathyoka ukaipinda kukuzizira.

Koma pali kanthu kamodzi kamene ambiri sakadziwa mpaka kapeti atanyowa. Madzi a mvula otsika pa denga amalowa m'timabowo tiwiri tili kuseri kwa mipando, mbali iyi ndi iyo, n'kutulukira pansi pa galimoto. Masamba a mu Okutobala ndi Novembala amatseka timabowoti. Zikatero madzi amasefukira m'kati, galimoto imayamba kununkha chinyontho, magalasi amachita nthunzi osatha, ndipo dzimbiri limayambira m'kati. Thirani kapu ya madzi pamenepo muone ngati akutuluka pansi. Akapanda kutuluka, tokosani ndi kaburashi kakatali kofewa, osati waya wolimba.

Zina ndi za galimoto iliyonse. Batire ikakhala yokalamba isintheni isanakuchititseni manyazi pa malo oimika magalimoto a ku ntchito. M'thanki ya madzi otsukira galasi musathire madzi okha, amaundana. Gulani mankhwala ake a nyengo yozizira. Madzi otentha pa galasi loundana ayi, limasweka. Ndipo chizolowezi choliza injini n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi chisiyeni. Akuba amadikirira zomwezo, ndipo a inshuwalansi nthawi zambiri sakulipirani ngati makiyi anali momwemo. Highway Code, buku la malamulo a pamsewu la kuno, imanenanso kuti magalasi onse, nyali ndi nambala zikhale zoyera musananyamuke, osati kungoboola kazenera kosuzumirapo ngati ena timawaona aja.

Poyendetsa, chitani chilichonse ngati mwanyamula mazira pa mpando. Pa ayezi nyamukani ndi giya yachiwiri, klachi muisiye pang'onopang'ono. Mabuleki pondani galimoto ikadali yowongoka, musanalowe pa kona, ndipo moto muponde mwatuluka kale. Highway Code yomweyo imati pa ayezi mtunda woimira ukhoza kutalika kakhumi, ndiye amene ali kutsogolo mutalikirane naye ngakhale wakumbuyo akuwalitsireni nyali. Kumbuyo kukayamba kutsetsereka, chotsani phazi pa moto mofatsa, yang'anani kumene mukufuna kupita, chiwongolero chitsatire maso. Ngati yanu ili ndi batani lolembedwa DSC, lozimitsira makina othandiza kuti galimoto isatsetsereke, musaligwire n'komwe. Pa milatho ndi pansi pa mitengo ndi pamene ayezi amayambira ndiponso kuchedwa kusungunuka. Za matumba a mchenga oika m'buti kuti kumbuyo kulemere, thumba limodzi laling'ono lingathandize ponyamuka, koma silingalowe m'malo mwa matayala.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira yanu. Kuchokera ku Huddersfield kupita ku Manchester mumadutsa msewu waukulu wa M62, ndipo pamwamba pa mapiri a Pennines paja ndi pamalo okwera kwambiri pa ma motorway onse a ku England, mamita 372. Ku Huddersfield kukhoza kumagwa mvula wamba, pamwambapo kukugwa sinowo ndi mphepo yokankha galimoto chammbali. Amene munali kuno kumayambiriro kwa Malichi 2018 mukukumbuka anthu atagona m'magalimoto usiku wonse pa msewu womwewo. MX-5 ndi yaifupi, sinowo ikangokwera pang'ono bampala imayamba kulima ngati khasu, ndipo apo ngakhale matayala abwino sathandiza. Masiku oterewa sachuluka pa chaka. A zanyengo a Met Office akatulutsa chenjezo lalikulu, la amber kapena lofiira, isiyeni pakhomo mukwere sitima. Masiku ena onse muike m'buti bulangete, tochi, kafosholo, chaja ya foni ndi nsapato zolimba, thanki isatsike theka.

Mukasankha kuiimika, zilinso bwino, bola ikhale pa malo anu osati mumsewu, muwadziwitse a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kudzera pa SORN, chidziwitso choti galimoto siikuyenda pamsewu, kuti musamalipire msonkho. Itsukeni kunsi kaye, iume, muisiye m'giya osakoka handibuleki chifukwa imamatirira, ndipo batire muilumikize ku kachaja kosunga moto.

Koma ine ndikanakhala inu sindikanaiimika. Kumakhala masiku ena mu Febuluwale, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala, msewu wouma. Tsiku lotero valani chipewa ndi sikafu, kwezani magalasi a m'mbali, hita muilozetse kumapazi, mutsitse denga mupite cha ku Holmfirth, katauni ka kufupi ndi Huddersfield. Mukakaikweza pa galaja paja jambulani kunsi kwake, makamaka chakumbuyo kwa zitseko, muponye zithunzizo muno tione.