Funsani Wamagetsi: Mapolo a Nyali za Mumsewu

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mapolo onyamula nyali za mumsewu. Ndayamba ndi kalata imene ikukhudza moyo wa ana.

Bambo, pholo lachitsulo lomwe linali kutsogolo kwa nyumba yathu linagwa usiku wina kutawomba chimphepo. Palibe galimoto inaligunda, ndipo poliona linali labwinobwino, penti yake isanasuluke. Mwamwayi silinagwere munthu. Kodi chitsulo chingathyoke ndi mphepo chabe? Nanga otsalawa tidziwa bwanji kuti ali bwino, poti ana athu amasewera pomwepo?
Mayi wa ana atatu

Mayi, tithokoze kuti silinagwere munthu. Mphepo ija inangomalizitsa ntchito imene dzimbiri linayamba kalekale. Mukaonenso pamene linathyokerapo. Ndikukhulupirira mukapeza kuti ndi kutsinde, pamene chitsulo chimakumana ndi dothi kapena konkire, mwinanso pa kachitseko kam'munsi kotsekera mawaya.

Mukazika ndodo yaitali pansi n'kuikankha kumutu, sithyokera pamene mwagwirapo, imathyokera pamene yazikidwa. Pholo nalonso limatero. Mphepo imakankha nyali, mkono wake ndi thunthu lonse, koma mphamvu yonseyo imakathera kutsinde, ndipo pholo likatalika tsinde limavutikanso kwambiri. Mphepo nayo sikula pang'onopang'ono ayi. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi.

Tsoka lake n'lakuti malo onyamula katundu yenseyu ndi amenenso amayamba kuchita dzimbiri. Dothi limasunga chinyezi, udzu umamera mozungulira, madzi amvula amadikha pomwepo, agalu amakodzerapo. Koma choopsa chenicheni chili mkati. Pholo lachitsulo ndi lamphako, ndipo khoma lake nthawi zambiri limakhala mamilimita 3 kapena 4 okha. Usiku kukazizira, mkatimo mumachita mame amene amatsetserekera pansi. Mvula nayo imalowa pa kachitseko, kapena kumutu ngati chotsekera chinagwa. Pakapanda kabowo kotulutsira madziwo, amakhala momwemo miyezi ndi miyezi, kudya chitsulo kuchokera mkati. Kunja penti ili phee, mkati chitsulo chatha.

N'chifukwa chake pholo labwino limatetezedwa lisanachoke kufakitale. Amaliviika lathunthu mu zinki wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 450, ndipo zinkiyo amamatirira kunja ndi mkati momwe. Ndiko kuchita galavanaizi kumene amisiri amanena. Muyezo wa ISO 1461 umafuna kuti chitsulo chokhuthala mamilimita oposa 3 mpaka 6 chikhale ndi zinki wokwana ma micron 70, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndi wochepa ndithu, koma ntchito yake ndi yaikulu, chifukwa ngakhale pholo litakandika, zinki ndi amene amayamba kudyeka, chitsulo n'kupulumuka. Penti payokha sichita zimenezi. Zimandipweteka mtima ndikaona munthu akuwotcherera chikwangwani pa pholo la galavanaizi. Moto uja umapsereza zinki, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Palinso imfa ina yosafuna dzimbiri. Kamphepo kosalekeza kamagwedeza pholo tsiku ndi tsiku, mpaka pamene anawotcherera thunthu ku chitsulo chake chophwatalala chapansi pamayamba mng'alu wosaoneka bwino. Manati akamasuka, kugwederako kumakula. Nsalu zotsatsira malonda zimene anthu amamangirira pamapolo zimawonjezera vutoli, poti zimakola mphepo imene wokonza pholo sanaiwerengere.

Ine ndikafika pa pholo sindiyamba n'kuyang'ana kumwamba. Ndimagwada, n'kupalasa udzu ndi dothi kutsinde, kenaka ndimagogoda ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza, chodyeka chimalira mogontha. Inu Mayi musagogode, kuopa magetsi, koma maso okha akuuzani zambiri. Onani ngati kutsinde kukusupuka makwamba a dzimbiri, ngati pali tizibowo, ngati konkire yadetsedwa ndi madzi ofiira, ngati pali nati losowa kapena lomasuka, komanso ngati pholo lapendekeka pamene kale linali chilili. Mukaona chimodzi mwa izi, lemberani kalata akhonsolo kapena eni nyalizo, mutchule nambala ya pholo ngati ilipo, ndipo musunge kope lanu. Ana asasewerepo mpaka litaonedwa ndi amisiri.

Bambo, ndine wophunzira pa sukulu ya ntchito zamanja. N'chifukwa chiyani mapolo ambiri amakhala onenepa pansi, owonda kumwamba, ena ali ndi mbali 8? Ndipo m'kachitseko kam'munsi muja mumakhala chiyani?
Mnyamata wophunzira zowotcherera

Mphwanga, yankho limene ndawapatsa Mayi pamwambapa lakuyankha kale theka. Katundu ali pansi, choncho chitsulo chambiri chimaikidwa pansi. Kumwamba kukanenepa, pholo limangolemera ndi kukola mphepo popanda phindu.

Za mbali 8, taganizira mmene pholo limapangidwira. Amadula chitsulo chophwatalala chotambalala mbali imodzi, chopapatiza mbali inayo, n'kuchipinda pa makina kangapo mpaka m'mphepete mwake mutakumana, kenaka amawotcherera msoko umodzi kuchokera pansi mpaka kumutu. Kupinda ngodya n'kosavuta kusiyana n'kukulunga chozungulira chosongoka, ndipo ngodyazo zimalimbitsa chitsulo chopyapyala. Alipo ena opangidwa ndi mapaipi awiri kapena atatu osiyana kukula, lalikulu pansi, laling'ono pamwamba. Amenewo uwazindikira ndi mapewa awo.

M'kachitseko ndi momwe waya wochokera pansi panthaka amalumikizana ndi waya wokwera ku nyali. Muli fyuzi, kuti nyali imodzi ikachita vuto isazimitse msewu wonse, ndiponso muli bawuti yomangapo waya wa earth, wotayira pansi magetsi akasochera. Poti ukuphunzira zowotcherera, dziwa kuti kuboola chitseko kumafooketsa pholo pamalo ovuta kwambiri, n'chifukwa chake opanga abwino amawotcherera zitsulo zolimbitsa m'mphepete mwa bowolo, ndipo ngodya zake amazipanga zokhota, osati zakuthwa, poti mng'alu umakonda kuyambira pa ngodya yakuthwa. Poimika pholo, chitsekocho chiloze kumene wamagetsi adzagwire ntchito akuona magalimoto akubwera, osati atawafulatira.

Kumwamba kuli mkono wotulutsira nyali pamwamba pa msewu, nyali yeniyeniyo, ndi kachipangizo koona kuwala kamene kamayatsa kukada n'kuzimitsa kukacha.

Bambo, komiti yathu yasonkha ndalama zogulira nyali za sola za m'misewu ya m'dera lathu. Ena akuti tigule mapolo achitsulo, ena a konkire, ena akuti mitengo ndi yokwanira. Tithandizeni tisanawononge ndalama za anthu.
Bambo wapampando wa komiti

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagule. Pa ntchito za sola anthu amakangana za mababu ndi mabatire, pholo n'kuligula ndi ndalama zotsala. Chonsecho pholo la sola limavutika kuposa la magetsi wamba. Panelo ndi chinthu chotambalala chokola mphepo, chili kumutu kwenikweni, ndipo nthawi zambiri batire nayo imakhala komweko. Choncho pholo limene linali lokwanira kunyamula nyali yokha silikhala lokwanira mukalisenzetsa panelo.

Pa zitatu mwatchulazi, ine ndingasankhe chitsulo cha galavanaizi yoviika, osati yopopera kapena penti ya mtundu wa siliva. Suzumirani mkati mwa pholo ndi tochi. Likakhala loviikidwa, mkati namo mumaoneka zinki. Konkire ndi yolimba ndipo sichita dzimbiri kunja, makamaka mapolo opangidwa mozunguza m'chikombole okhala ndi mawaya okokedwa mkati, koma ndi olemera moti pamafunika kireni powatsitsa ndi powaimika, ndipo akang'aluka madzi amafika pa mawaya, mawayawo amatupa ndi dzimbiri n'kuswa konkire. Mtengo ungagwire ntchito ngati unalowetsedwa mankhwala mwamphamvu kufakitale, monga creosote kapena CCA. Wongopaka oyilo wakuda pamwamba udzawola kutsinde kapena kudyedwa ndi chiswe. Aliponso a aluminiyamu, omwe ndi opepuka komanso opirira mphepo yamchere ya kunyanja yaikulu, ndi a fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi) osadutsa magetsi, koma ndi okwera mtengo.

Kutalika kwake, m'misewu ya pakati pa nyumba mamita 5 kapena 6 ndi okwanira. Misewu ikuluikulu ndi imene imafuna mamita 8 mpaka 12. Mtunda wa pakati pa mapolo ukhale pafupifupi katatu kapena kanayi kutalika kwa pholo, kutanthauza kuti pholo la mamita 6 likhale pa mamita 18 mpaka 24 kuchokera pa linzake. Mukatalikitsa kwambiri pofuna kupulumutsa ndalama, padzakhala madera a mdima pakati, ndipo maso a woyendetsa galimoto amavutika kuona munthu woyenda mumdimamo akangochoka powala.

Maziko musawanyozere. Pholo lozika mwachindunji amisiri amaliyeza motere: gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwake, kuwonjezapo masentimita 60. Pholo la mamita 8 lilowe pansi pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 40, ndipo pa mchenga kapena dothi lonyowa injiniya awonjezere. Pholo lomangira pa mabawuti limafuna mabawuti aatali okhota kumapeto, omizidwa mu konkire. Konkire imafika pa mphamvu yake yoyenera pa masiku 28, choncho musalole womanga kuimika pholo mawa lake. Ikwane sabata poyamba. Pamwamba pa maziko pakhale potukuka kuposa dothi, popendekeka kuti madzi azitsetsereka.

Panelo iloze ku equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati: amene ali kum'mwera kwake aloze kumpoto, amene ali kumpoto aloze kum'mwera. Ikhale yopendekeka kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo mthunzi wa mtengo usaigwere. Batire ikhale m'mwamba, pamthunzi wa panelo, chifukwa kutentha kumaifupikitsa moyo, komanso pansi akuba ndi madzi osefukira amaipeza mosavuta.

Achimwene, ndinaona kanema pa intaneti, galimoto itagunda pholo, pholo n'kuduka kutsinde ngati silinamangidwe n'komwe. Si katundu wachinyengo ameneyo?
Woyendetsa galimoto zonyamula katundu

Mwina ayi, achimwene. Pa misewu yothamanga kwambiri mainjiniya amaika dala mapolo ogonja. Galimoto ikagunda chinthu chosasuntha imaima nthawi yomweyo, ndipo mphamvu yonse imathera pa matupi a anthu ali mkatimo. Choncho pali mapolo okhala pa zitsulo ziwiri zophwatalala zimene zimaterereka zikagundidwa, ena ali ndi zolumikizira zothyoka, ena amapindika n'kuchepetsa liwiro la galimoto pang'onopang'ono. Ku Ulaya amawayesa motsatira muyezo wa EN 12767, pogunditsa galimoto yeniyeni. Pa mphepo amaima nji ngati anzawo. Koma sayenera paliponse. Pamene pamadutsa anthu ambiri apansi, pholo lothyoka likhoza kuwagwera, ndiye pamenepo amasankha mtundu umene umapindika n'kuigwira galimotoyo.

Bambo, mwana wanga akuti anamva kunyerenyetsa atagwira pholo mvula ikugwa.
Mayi wodandaula

Mayi, musadikire. Zimenezi zikusonyeza kuti waya wamoto wasupuka mkati ndipo akukhudza chitsulo, pamene waya wa earth waduka kapena wabedwa. Pholo lomangidwa bwino likachita vuto lotere, magetsi amathamangira pansi, fyuzi n'kupsa. Lanulo silikutero. Uzani eni magetsi lero lomwe, ndipo chenjezani oyandikana nawo kuti pasafike munthu kapena chiweto, ngakhale pa madzi odikha pafupi nalo. Masana musaliyese labwino poona kuti nyali yazima, chifukwa m'mapolo ambiri magetsi amakhalamo usana ndi usiku.

Agogo, mapolo aatali kwambiri aja a pa mphambano zikuluzikulu, babu likapsa amakwera ndani?
Mtsikana wa Fomu 2

Mdzukulu wanga, pa ambiri mwa amenewo sakwera munthu. Amatalika mamita 20 mpaka 40, ndipo nyali zake zimakhala pa nkhata yachitsulo yopachikidwa pa zingwe zawaya zodutsa mkati mwa pholo. Wamagetsi amatsegula chitseko pansi, n'kupukusa makina okokera, nkhata yonse n'kutsika mpaka pofikira ndi manja.

Kale ankakweradi. Nyali za gasi zitayamba kuwala mumsewu wa Pall Mall ku London mu 1807, kunabadwa ntchito ya oyatsa nyali, ndipo mapolo ambiri akale a gasi ali ndi kamtanda pansi pa nyali, potsamiritsa makwerero. Magetsi atafika, monga ku Paris mu 1878 ndi ku Kimberley, South Africa, mu 1882, nyali zina zoyambirira zinali zothobwa m'maso moti mizinda ina inaziika pa nsanja zazitali kuti ziwalire dera lonse. Mzinda wa Austin ku Texas unaimika nsanja zotere za mamita pafupifupi 50 m'zaka za m'ma 1890, ndipo zina mwa izo zikuwalabe mpaka lero. Masiku ano mapolo aatali timawasungira malo otambalala, monga mphambano, madoko ndi mabwalo a ndege, pamene mapolo afupiafupi ambirimbiri angatsekereze njira.