Kwa alamu, za ulendo wa ku Fish River Canyon

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Kapata? Ndaona funso lanu mu gulu, lakuti chithunzi chija ndinaika pa status ndi kuti, ndipo ngati mungapiteko ndi Noah yanu pa holide ya Disembala pamodzi ndi achemwali ndi ana. Kulemba sindingathe, ndili pamzere wa mathiraki, ndiye mvetserani chabe.

Malo aja ndi Fish River Canyon, kummwera kwenikweni kwa Namibia. Motoka yanu ikhoza kufika, koma Disembala ayi, chonde. Nthawi imeneyo kumatentha kupitirira madigiri 40, mthunzi kulibe, ndipo ngakhale aja oyenda pansi m'chigwembemo amawaloleza kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala basi. Inu aphunzitsi muli ndi holide ya Ogasiti, tengani imeneyo. Masana kumakhala bwino, koma usiku kumazizira koopsa, majuzi a ana musaiwale.

Tsono mtunda. Kuchoka pa Chipata mpaka kumeneko ndi makilomita opitirira 3,000, kupita kokha. Muike masiku anayi kapena asanu a panjira, musalimbane nazo. Lusaka, Livingstone, Sesheke, muoloke Zambezi pa mlatho wa Katima Mulilo uja anatsegula mu 2004. Musanapite mufunse oyendetsa anzathu za msewu wa Kazungula kupita ku Sesheke, chifukwa umakhala ndi maenje oti tayala kulowa lonse. Ena amadzera pa mlatho wa Kazungula, kudula Botswana pang'ono n'kukalowera pa Ngoma, koma ndiye kuti maboda achuluka. Viza ife a ku Zambia sitifunika. Mutenge mapasipoti, white book (chikalata cha umwini wa motoka), kalata ya Interpol ya motoka, ndi ndalama yolipira msewu pa boda. Randi imagwira ntchito chimodzimodzi ndi dola yawo.

Kuchoka Katima kupita Rundu msewu ndi woongoka mpaka tulo, ndipo umadutsa m'paki ya Bwabwata, njovu zimaoloka pomwe zafunira. Mukapitirira Rundu pali geti ya Mururani, amasecha nyama yaiwisi. Muwauze achemwali, ndikuwadziwa ine, asalongedze nyama ya mbuzi mu cooler box, idzatsala pomwepo. Ndipo dzuwa likalowa imani mugone. Njiri ndi agwape a kumeneko sayang'ana uku ndi uku.

Kukongola kwenikweni kumayamba mukadutsa Windhoek, pa B1 kulowera Rehoboth, Mariental mpaka Keetmanshoop, makilomita ngati 500. Mitengo imanka nifupika, kenako n'kutheratu. Kumatsala udzu wachikasu, miyala yofiirira, ndi mapiri aphwatalala pamwamba. Maso amafika kutali moti thiraki ukuiona uko, umadya chimanga chonse isanakupeze. Pafupi ndi Keetmanshoop muime muone mitengo ija amati quiver tree, thunthu lonenepa la makungwa osendeka, nthambi zonse kuloza kumwamba, masamba kunsonga kokha. Ana adzakondwa.

Apa ndiye mvetsetsani alamu. Pa Keetmanshoop dzazani thanki mpaka pakamwa, ngakhale ikhale ili theka, mugule madzi akumwa ochuluka, chifukwa kutsogoloko tala imatha, mumalowa msewu wa miyala. Umaoneka wosalala, wotakata, mwendo umafuna kuponda wokha. Ndi pomwe alendo amagubuduzikira. Musapitirire 80, ine ndingati 60 ndi Noah yodzaza anthu. Pokhota musaponde buleki mwadzidzidzi, matayala amaseleleka pa timiyalato. Sipeya ziwiri, jeki yabwino, pampu. Netiweki imasowa, ndipo mutha kukhala nthawi yaitali osaona motoka ina.

Mumalipira pa geti ya Hobas, kenako makilomita 10 kufika poonera. Chodabwitsa n'chakuti palibe chokuchenjezani. Mukuyenda pa chidikha cha miyala, fulati, mwina mwaona nthiwatiwa kapena nyama ija ya nyanga zazitali zoongoka amati oryx, kenako dziko langotha pamaso panu, phompho! Kuya kwake pena kumafika mamita 550, m'lifupi mpaka makilomita 27, ndipo kutalika ndi makilomita 160, kuposa kuchoka pa Chipata kukafika ku Lilongwe. Pansi penipeni mtsinje ukuzungulira mokhotakhota, koma mu Ogasiti mudzaona maiwe obiriwira apa ndi apo, madzi osayenda. Mufike m'mawa, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndiye kuti mizere yonse ya miyala imaoneka, yofiira, yotuwa, yakuda. Masana zonse zimangoti mbuu, chithunzi sichituluka. Kutsikira pansi alendo a tsiku limodzi saloledwa, ndipo kamnyamata kanu kaja mukagwire dzanja, malo ambiri m'mphepetemo mulibe mpanda.

Mukatero mutsikire ku Ai-Ais, kumapeto kwa chigwembecho, kuli akasupe a madzi otentha, mukasambe fumbi lichoke. Za milu ya mchenga wofiira ya ku Sossusvlei musaziphatikize, ili kutali ndi kumeneko, ndipo makilomita 5 omaliza amafuna 4x4. Umenewo ndi ulendo wina.

Mzere wayamba kusuntha. Munditumizire chithunzi cha matayala anu onse anayi ndione ngati ndi opita nawo, mupereke moni kwa amayi.