Kodi ndi atsamunda anapirikitsa Mayi Rose Chibambo?

Wowerenga wina watilembera imelo kuti: "Mayi ali pa K200 aja ndinamva kuti anakhala kunja zaka pafupifupi 30. Kodi ndi azungu anawathamangitsa chifukwa chokana chitaganya?"

Ayi ndithu. Azungu anawatsekera m'ndende, koma pothawira kunja ankathawa boma lathu lomwe, ufulu utabwera kale. Ambiri nkhani ziwirizi amazisakaniza.

Mayi Chibambo, a ku Kafukule ku Mzimba, ndi amene anamema amayi kuti alowe chipani cha Nyasaland African Congress pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953. Pa 3 Marichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo. Kuipa kwa lamulo limenelo n'kwakuti boma linkatsekera munthu osamuzenga mlandu kukhoti, ndipo wotsekeredwayo sankadziwa tsiku lotuluka. Kamuzu anamutengera kundende ya ku Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe). Mayi Chibambo anali oyembekezera, choncho apolisi anayamba adikira. Atangochira, masiku a chikuta asanathe n'komwe, anawanyamula ndi khanda lawo lomwe kupita kundende ya Zomba. Mwanayo anamutcha Gadi, chifukwa cha alonda a ndende. Anatuluka mu 1960.

Zothawazo zinabwera mu 1964. Patangotha miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu pa za tiki (mapeni atatu) yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, komanso kugwirizana kwake ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Pa 7 Seputembala Kamuzu anachotsa pa maudindo Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Chibambo, amene anali phungu wamkazi yekhayo. Dzulo lake mtsogoleri wa amayi, lero chigawenga. Mu 1965 anawolokera ku Zambia, ndipo anabwerako mu 1994, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha. Pa ndalama anawaika mu 2012. Anamwalira mu 2016.

Mayi Vera Chirwa nawonso anamangidwa mu 1959, kenako n'kudzathawira ku Tanzania. Awo zinawavuta koposa. Pa 24 Disembala 1981 anagwidwa pamodzi ndi amuna awo, a Orton Chirwa, kumalire a Zambia, khoti la mafumu n'kuwagamula kuti aphedwe. Chilangocho anachisintha kukhala ndende moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, Mayi Vera anatuluka mu Januwale 1993.